Nsomba Nayo Imabanika

Munthu wa kumtunda akamva kuti nsomba ikhoza kubanika ili m'madzi, amaseka nati nzocheza za asodzi. Koma iye amene adaimapo pa doko la Mposa la nyanja ya Chilwa ku Machinga mbandakucha, m'chaka cha chilala, naona makumba atayandama chagada ndi matemba akupuma wefuwefu pamwamba pa madzi, adziwa kuti Namalenga anaika mpweya wa moyo m'madzi monga anauika mumlengalenga, ndi kuti mpweyawo, umene ophunzira amautcha okosijeni, ukhoza kutha.

Nyanja ya Chilwa njosaya, ndiponso ilibe mtsinje wotulutsa madzi. Dzuwa likakula madzi amaphwera, mchere umachuluka, ndere zimaswana, ndipo usiku nderezo pamodzi ndi zowola za pansi zimamwa mpweya wotsala, kotero kuti mlamba, umene umapuma ndi mpweya wakunja womwe, ndiwo umatsala wamoyo m'matope. Abale athu a ku Liwonde ndi a tsidya la Balaka amadziwa zofanana nazo, pakuti namasupuni akayala mphasa yake pa Shire, pansi pake pamakhala mdima ndi madzi opanda mpweya.

Chilwa idaphwa mu 1968, idaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato adagonanso pa dothi long'aluka. Madzi saiwala khwawa, adatero akulu, ndipo mvula itagwa nyanja idadzaladi. Koma nsomba sizigwa ndi mvula. Zidachokera m'maiwe a mitsinje monga Domasi ndi Likangala, m'mene zotsala zidabisala kufikira madzi atabwerera; ndipo mu 1995 mafumu, pogwirizana ndi a Dipatimenti ya Usodzi, adaletsa kuthira katupe wophera nsomba m'maiwemo, ngakhale kuti anthu awo ankalira ndiwo. Ine ndiyesa kuti lamulo la mafumulo lidachitira nyanjayi zazikulu kuposa ulemu umene idalandira polembedwa m'pangano la Ramsar loteteza madambo, pakuti pepala silidikira dziwe usiku.

Chondidetsa nkhawa lero nchakuti maiwe omwewo akukwiririka ndi dothi lokokoloka m'mapiri amene tawameta mpala ndi makala, ndipo dziwe losaya limatentha msanga nkutaya mpweya wake. Inu mafumu a m'mbali mwa mitsinje, eni nthaka, letsani nkhwangwa ndi khasu m'magombe a maiwewo chilala china chisanadze.