Bala la pa Nyimbo Yachisanu

Kuno ku Chapananga usiku wa mu Okutobala umachedwa kuzizira. Dzuwa likalowa kutentha kumatsalira m'makoma ndi m'malata, ndipo ukagona msanga umangogubuduka pamkeka mpaka tambala woyamba. Ndiye ndatulutsa tebulo pakhonde, ndaikapo laputopu yanga yakale ija, ndailumikiza ku batire la sola, ndipo ndakhala pansi ndi chimbale chimodzi m'manja, osafulumira kuchilowetsa, ndikungochitembenuza pa kuwala kwa tochi monga momwe munthu amatembenuzira kalata imene akudziwa kale kuti imuliritsa.

Ndi CD ya kwaya ya amayi a Mvano a pampingo pathu. Anasonkherana ndalama za thonje ndi za mbuzi, ananyamuka m'bandakucha, anawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu, nakwera zitunda za ku Thabwa mpaka ku Blantyre, komwe anaimba tsiku lathunthu mu situdiyo. Mayi anga malemu anali m'gululo. Sanali otsogolera nyimbo ayi, ankaimba mawu apakati, aja amene suwamva ukamamvera mothamanga, koma akachokapo nyimbo imakhala ngati ndiwo zopanda mchere. Zimbale anabwera nazo zochepa, zobena pa kompyuta ya mu situdiyomo, dzina la kwaya lolembedwa pamanja. Zina zinasweka, zina ana anakongoletsera njinga, zina zinakhala pawindo mpaka dzuwa la kuchigwa kuno linazipha. Namondwe wa Ana atabwera mu Januwale 2022, mvula ija imene inadula mlatho wa Chapananga pa mtsinje wa Mwanza inagwetsanso khoma limodzi la nyumba yathu, ndipo chimbale ichi tinachipeza m'sutikesi ya mayi, chokulungidwa m'duku lawo loyera, matope atalowa pang'ono m'kachikwama kake. Ndafunsafunsa m'mudzi monse, china choimbabe sindinachipeze.

Mwana wa achemwali anga atandiona nacho anati, “Atsibweni, bwanji osangopita nacho kwa anyamata obena nyimbo pamsika, akuikireni pa memore? Sachedwa nazo.” Ananena zoona, ndipo anyamata amenewo sindiwanyoza, pakuti ndi iwo afikitsa nyimbo m'mafoni a anthu amene sanagwirepo chimbale chibadwire. Koma chimene amaika pa memore ndi MP3. Mphindi imodzi ya nyimbo pa CD imadya malo okwana mamegabaiti pafupifupi 10, pamene pa MP3 wamba ija ya 128 imadya imodzi yokha. Kusiyana kumeneku, kwina ndi luso la kulongedza, koma kwakukulu ndi kutaya: makina amaweruza kuti kaphokoso kofooka kobisala kuseri kwa phokoso lamphamvu khutu la munthu silingakamve, nkukasiya panjira, ndipo sikabwereranso. Ndikudziwa kuti MP3 sichotsa munthu wathunthu m'kwaya. Komabe ndikakumbuka kuti mawu a mayi anga ndi aja obisala kuseri kwa a anzawo, mtima sundilola kuti makina ndiwo asankhe chotsala ndi chotayika.

Mpaka lero kanthu kozungulira aka kamandidabwitsa. Philips ndi Sony anakatulutsa mu 1982, ndipo m'kati mwake mulibe mawu monga mmene ife timawamvera, muli manambala okhaokha. Pa sekondi iliyonse phokoso linayezedwa maulendo 44,100, kumanzere padera kumanja padera, ndipo muyeso uliwonse unalembedwa ndi mabiti 16. Manambalawo andandalikidwa pa kanjira kamodzi kopyapyala kuposa tsitsi, koyambira pakati nkumazungulira kulowera kumphepete, kamene pa chimbale chodzaza, utati ukatambasule, kangapitirire makilomita 5, ulendo wa ola lonse wapansi. Ndiye pamene mayi anakoka mpweya kuti ayambe ndime yachiwiri, mpweya umenewo uli penapake m'mbali mwa kanjira kameneka, wagona m'manambala, ukudikira kuti kuwala kwa leza kudutsepo.

Ndachitsuka ndi madzi a pamjigo ndi kasopo pang'ono, ndikupukuta ndi kansalu kofewa kuchokera pakati kupita kumphepete, osati mozungulira, chifukwa kukanda kotsata kanjira kumawononga manambala ambiri ondondozana, pamene kukanda kopingasa kumangodula pang'ono apa pang'ono apo, ndipo chimbale chimakhala ndi manambala ena apadera opoletsera timabala totere. Kumwamba kolembedwa dzinako ndiko ndimaopa kukhudza. Ambirife timasamala kunsi konyezimira, chonsecho kakhungu kosunga nyimbo kali pafupi ndi kumwamba, kophimbidwa ndi utoto wopyapyala basi. Ndipo pa zimbale zobena ngati ichi nyimbo zimalembedwa pa mankhwala amene amafooka ndi dzuwa ndi kutentha, kotero kuti chimakalamba ngakhale chili chigonere m'sutikesi.

Laputopuyi imayendera Linux, ndipo ntchitoyi ndimagwirira pa zenera lakuda lija lopanda zithunzi, pomwe umalemba chimene ukufuna, kompyuta nkuyankha ndi zilembo. Poyamba ndinkaliopa. Tsopano ndimalikonda chifukwa cha bata lake, silikuitanira kwina, limangodikira. Ndalemba cdparanoia -Q, ndipo pabwera mndandanda wa nyimbo 10, iliyonse ndi utali wake, zopanda maina. Kenako ndalemba cdparanoia -B, kuti nyimbo iliyonse ikhale fayilo yakeyake ya WAV, ndipo makina ayamba kulira chapansipansi ngati njuchi ya m'botolo.

Pulogalamuyi anailemba Christopher Montgomery, amene anayambitsanso Xiph.Org, ndipo dzina limene anaipatsa limanena za kukayikira kosatha. Ndi mmenedi imagwirira ntchito. Sikhulupirira chimene yawerenga kamodzi. Imawerenga kachigawo, nkubwerera, nkuwerenganso, nkufananiza, ndipo ziwirizo zikagwirizana mpamene imapita patsogolo. Imandikumbutsa mayi akamawerenga chopereka cha Mvano pamphasa: kuwerenga, kupatsa mnzawo awerengenso, osalemba m'kope kufikira onse awiri atapeza chimodzi. Kumapeto kwa mzere kuli kankhope kopangidwa ndi zizindikiro, :-) , kosonyeza kuti zonse zili bwino, ndipo ndimapezeka ndikukayang'ana monga muyang'anira nkhope ya namwino akamatuluka m'chipinda cha wodwala wanu.

Nyimbo zinayi zoyamba zadutsa, kupatula timizere ndi timitanda tochepa tosonyeza malo amene yakonza yokha. Pa yachisanu kankhope kasintha. Makina achedwa, abwerera, aliranso, abwereranso, ine ndili maso pa nambala imodzi yosasuntha, udzudzu ukundiluma m'miyendo. Ikalephera maulendo 20 pamalo amodzi, pulogalamuyi imasiya nkupitirira, pokhapokha utailamula ndi -z kuti isasiye. Zimenezo ndinayesa dzulo, ndinadikira mpaka batire linatha. Lero ndailola ipitirire, ndipo pamzerepo yasiya chilembo V, ngati kunena kuti: apa ndalephera kuwerenga, chimene ndaikapo sindikuchitsimikiza.

Chilembo chimenechi ndicho chandikhazika pakhonde pano mpaka pakati pa usiku. Chimbale chomwechi ndikachiika mu wailesi ya CD ya kutchalitchi, nyimbo yachisanu imadutsa pamalo amenewa pafupifupi osamveka kanthu. Wailesi ikapeza nambala yosowa imayang'ana ya kumbuyo ndi ya kutsogolo, nkuyerekeza ya pakati, nkupitiriza kuimba osakuuza. Imatero kuti nyimbo isadukize, ndipo sindinganene kuti imalakwa, pakuti ndani angafune kuti kwaya iime pakati pa ndime chifukwa cha kanambala kamodzi. Koma ndiye kuti nthawi yonseyi, pa kachigawo kameneko, ndakhala ndikumva kamawu kamene mayi anga sanaimbe, ndipo sindinadziwe.

Kodi ine sindichita chimodzimodzi? Ana anga akandifunsa za agogo awo ndimayankha mosadodoma, nkhani imayenda bwinobwino kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chikhalirecho m'mtima ndikudziwa kuti pali malo amene anafufutika, amene ndimangoyang'ana za kumbuyo ndi za kutsogolo nkuikapo choyenerera. Mawu omaliza amene anandiuza ali kuchipatala ndawanena kambirimbiri, pamaliro, pomanga manda, kwa abale ochokera kutali, ndipo ulendo uliwonse amatuluka osalala kuposa ulendo wapitawo, mpaka tsopano ndimakayika ngati ndikukumbukira mawu awo kapena ndikukumbukira mmene ndinawanenera chaka chatha. Ambuye, Inu mukudziwa kuti sindinafune kunama. Ndinangofuna kuti nyimbo isadukize. Koma kapulogalamu kopanda mtima aka kachita chimene ine chimandikanika: kafika pabala, kayesa mpaka kutopa, kenako kavomera, nkusiya chizindikiro.

Nyimbo zonse zitatha ndalemba flac -8 *.wav. FLAC anaiyambitsa Josh Coalson, ndipo inatuluka yokhwima mu 2001. Imachepetsa fayilo, nthawi zambiri kufika pafupifupi theka, osataya nambala ndi imodzi yomwe, monga kupinda chitenje nkuchiika m'sutikesi: chimatenga malo ochepa, koma ukachitambasula chili chonse, ndi maluwa ake, ndi pong'ambika pake pomwe. M'kati mwa fayilo imasungamo chidindo cha MD5, nambala yowerengedwa kuchokera ku phokoso lonse, kotero kuti zaka zikubwerazi wina akadzalemba flac -t, kompyuta idzatambasula nyimboyo, idzawerengeranso, nkuyankha kuti ok ngati palibe chasintha.

Ndi pong'ambika pake pomwe. Kusataya kanthu sikukonza kanthu ayi. Bala la nyimbo yachisanu lalowa mu FLAC momwe liliri, ndipo chidindo chija chidzalichitira umboni mokhulupirika monga chichitira ndime zabwino. M'menemo mulinso chifuwa cha mayi wina amene anatsokomola nyimbo yachitatu isanayambe, muli malo amene kwaya inatsika pang'ono nkudzikweza yokha. Ndipo chimene sichinalowe mu maikolofoni tsiku lijalo sichidzapezekanso: kupondaponda kwa mapazi awo, thukuta la ulendo, mmene mayi ankatsinzinira akafika pa mawu okwera. Ndikusunga mosamala zonse za chinthu chimene chinali kale chopungukira, ndipo chimenecho ndicho ndili nacho.

Nthawi zina ndimadzifunsa ngati uku si kudzivutitsa chabe. Ndikaika FLAC ndi MP3 yabwino pa kasipika ka foni, khutu langa silisiyanitsa, ndipo nditati ndimasiyanitsa ndinganame. Amayi a Mvano amene atsala akufuna nyimbo zawo pa memore kuti azimvera popita kudimba, ndipo mawa ndiwapangira MP3 kuchokera ku mafayilo omwewa ndi mtima woyera. Koma MP3 ikayamba kuyenda, uyu kuisandutsa kanema, uyo kuichepetsanso kuti isadye bandulo, ulendo uliwonse pamatayika kena, monga ufa wokhuthulidwa kuchoka m'thumba ili kupita m'thumba lina. Payenera kukhala nkhokwe ina yosapungulidwa yoti anthu azibwererako. Mwina mdzukulu wina adzakhala ndi makutu ndi zipangizo zoposa zanga. Mwinanso sadzafuna nkomwe kumvera. Ilo ndimalisiya m'manja mwa Mulungu.

Pali pulogalamu ina, abcde, imene imachita zonsezi pamodzi, kuwerenga, kupinda, ndi kufunsa maina a nyimbo pa intaneti ku nkhokwe monga MusicBrainz. Ndinaiyesa tsiku lina netiweki itagwira, ndipo chimbale chathuchi inati sikuchidziwa. Sizinandipweteke, zinangondionetsa kuti mainawa tikapanda kuwalemba ife palibe adzawalembe. Ndiye Lachinayi lapitali, amayi atamaliza mapemphero awo, ndinakhala pansi pa mtengo wa nimu ndi amayi awiri achikulire, ndikuwamvetsa chiyambi cha nyimbo iliyonse, iwo nkumatchula dzina lake, amene anatsogolera, amene anaipeka, amene anatisiya. Pa nyimbo ina anatsutsana nthawi yaitali za mpeki wake, mpaka mmodzi anandigwira dzanja nati, “Mwana wanga, lemba onse awiri, mwini wake Mulungu akumudziwa.” Ndinawapemphanso chilolezo chokopera, chifukwa nyimbozi ndi zawo.

Tsopano mafayilo ali pa laputopu. Ena ndikopera pa flashi yopita kwa achemwali ku Nchalo, ena pa ina yokakhala kwa abusa, pakuti ndinaona ndi maso anga kuti khoma limagwa usiku umodzi. Chatsala ndi chilembo V chija. Chinaoneka pa zenera pokha, m'fayilo mulibe, ndipo ndikatseka laputopuyi chipita. Ndiye ndi pulogalamu ya metaflac ndalemba pamalo a ndemanga a nyimbo yachisanu kuti: pa mphindi 2 ndi masekondi 41 chimbale chinakandika, zimene zikumveka pamenepo si zotsimikizika. Ndawerenga kawiri, ndasunga.

Kwayamba kuomba kamphepo kochokera kumtsinje. Ndavala mahedifoni, ndayambitsa nyimbo yachisanu, ndipo ndatsinzina, kufunafuna mawu apakati aja pansi pa mawu a anzawo. Ndawapeza, cha kumanzere pang'ono. Akubwera, akukwera, afika pabala paja, pamveka kaphokoso kakang'ono ngati kuthyoka kwa kaudzu kouma, ndipo kutsidya kwake mayi akuimbabe.