Mmodzi akadutsa, mpanda wagwa kodi?

Ambiri a ife a ku Kawale ndi ku Biwi bwalo la Lilongwe Golf Club timangolionera kunja. Mnyamata wakwathu akalowamo, kawirikawiri amakanyamulira ena chikwama cha ndodo za gofu. Pokwera ndi potsetsereka amapadziwa, ndodo yoyenera amaloza ndi iye, koma womenya mpira ndi wina.

Kale chotchinga chinali lamulo. Bungwe la PGA la ku America linkalola azungu okhaokha kukhala mamembala mpaka mu 1961. Ku South Africa, tsankho linkatsekera Vincent Tshabalala mipikisano ikuluikulu ya kwawo, koma atapita ku Ulaya anapambana French Open mu 1976. Chaka chomwecho anamusankha kuti akaimire dziko lake pa mpikisano wa World Cup. Iye anakana.

Kukana kumeneku n'koyenera kukulingalira mofatsa. Munthu amene wavutika moyo wake wonse kuti aloledwe, bwanji akukana tsiku limene amutsegulira? Ife tikuona kuti anazindikira zimene akanamugwiritsira ntchito. Akanapita, boma la tsankho likanamuonetsa ku maiko ena n'kumati onani, wakuda akusewera, pomwe anzake onse anali kunja kwa mpanda. Ulemu wa munthu mmodzi ukanaphimba manyazi a dziko.

Lero lamulo lija kulibe, ndipo tinanyadira pamene Madalitso Muthiya wa ku Zambia, mnzathu wa dzina lakwathu, anasewera mu US Open ya 2006, wakuda woyamba wochokera mu Africa kufika pamenepo. Kunyadirako n'koyenera. Koma nkhani zoterezi zimakoma mwina mopitirira, chifukwa zimatipeputsa mtima. Timayamba kunena kuti wolimbikira aliyense amafika, ndiye kuti wotsala ndi waulesi. Chonsecho ndodo, mipira, ndalama ya umembala ndi ya ulendo wa ku mpikisano zimasefa anthu mwakachetechete, popanda chikwangwani pakhomo.

Tisathamangire kuloza a ku gofu okha. Ifenso tili ndi timipanda tathu. M'gulu lathu lino, ndani amatsogolera zokambirana, ndipo ndani amangoyala mkeka ndi kuphika tiyi? Mwana wa mlonda wa ku Mgona akabwera, timamufunsa maganizo ake, kapena timamutuma madzi? Mlungu uno aliyense ayese kukumbukira dzina la munthu amene anamunyamulira katundu posachedwapa, ndi chimene munthuyo amachidziwa bwino kuposa ife.