Dzanja lamanzere la mdala Godfrey

M'sewero lanthabwala lotchedwa Dad's Army, limene wailesi yakanema ya BBC inaonetsa ku Britain kuyambira 1968 mpaka 1977, muli mdala wina dzina lake Godfrey, wofatsa ndi wolankhula motsitsa, amene amadziwika ndi kusinza anzake akulandira malamulo a usilikali, kunyamula kachikwama ka mankhwala, ndi kupempha mwaulemu kwa mkulu wa gulu kuti amulole akataye madzi. Seweroli limanena za Home Guard, gulu la amuna amene sanapite ku nkhondo yachiwiri ya padziko lonse chifukwa cha ukalamba, kuchepa msinkhu kapena ntchito zawo, koma anadzipereka kulondera kwawo poopa kuti Ajeremani angaoloke nyanja. Pa nthawi imene linatchuka kwambiri, anthu oposa 18 miliyoni ankaonera gawo limodzi, ndipo mdalayu akangoti nyamu kupempha chilolezo chake chija, m'nyumba zambirimbiri munkamveka phwete. Koma ndi angati mwa oseka aja amene anayang'anapo dzanja lake lamanzere?

Amene ankasewera Godfrey anali a Arnold Ridley, obadwa mu 1896 mumzinda wa Bath, ndipo seweroli likuyamba n'kuti ali ndi zaka 72. Mu 1916, ali mnyamata wa zaka 20, anali pa nkhondo ya ku Somme m'dziko la France, kumene tsiku loyamba lokha, pa 1 July, asilikali a Britain oposa 19,000 anafa. M'miyezi ya nkhondoyo anabayidwa m'chuuno ndi mpeni wa kunsonga kwa mfuti, zidutswa za bomba zinawalowa m'miyendo, anamenyedwa m'mutu ndi tsinde la mfuti mpaka ankakomokakomoka kwa zaka zambiri, ndipo dzanja lawo lamanzere linavulala moti silinagwirenso ntchito bwino mpaka imfa yawo. Nkhondo yachiwiri itabuka anavalanso yunifomu nabwerera ku France konko. Munthu ameneyu ndiye amene dziko lonse linkamuseka kuti ndi nkhalamba yofooka, yosatha n'komwe kuguba.

Pali gawo limodzi, lotchedwa Branded, la mu 1969, limene ndimaliona lolemera kuposa ena onse. Godfrey akupempha kuti atuluke m'gululo, ndipo chifukwa chake n'chakuti anagwira mbewa m'khitchini mwake koma analephera kuipha. Atamva kamtima kake kakugunda m'dzanja anaitaya panja, nazindikira kuti ngati walephera mbewa, munthu sangamuphe. Kenaka akuulula kuti pa nkhondo yoyamba anakana kugwira mfuti chifukwa cha chikumbumtima. Anzake onse akumufulatira, akumuyesa wamantha. Patsogolo pake, pochita zoyeserera m'kanyumba kodzaza utsi, mkulu wawo Mainwaring akukomoka, ndipo amene akukwawa kubwerera mu utsimo kukamutulutsa ndi Godfrey yemweyo. Mainwaring atapita kukamuzonda akuona chithunzi pakhoma, Godfrey ali m'yunifomu ndi mendulo pachifuwa, ndipo mlongo wake ndiye akufotokoza kuti mdalayu anali wonyamula ovulala pamachira ku Somme, ndipo analowa pakati pa zipolopolo kukatola anzake. Taganizani zimene zinkayenda mumtima mwa a Ridley atagona pabedi la m'sewerolo, nyale za kamera zikuwala, akumva dzina la Somme likutchulidwa, malo amene iwo anasiyako magazi awo enieni. Kodi pamenepo ankasewera, kapena ankakumbukira?

Ndimakhulupirira kuti timfundo tating'onoting'ono totere, timene anthu amafunsana pocheza kuti ayese amene akudziwa zambiri, tili ndi ntchito yaikulu kuposa imene timatipatsa. Nthabwala imagwira ntchito pochepetsa munthu. Kuti tiseke, wolemba amatenga khalidwe limodzi, kaya ndi kusinza, kaya umbombo, kaya kudzimva, nalikulitsa mpaka munthu yense atabisika kuseri kwake, ndipo ife oonera timavomera chifukwa kuseka n'kokoma ndipo sikufuna kuti tidziwe zambiri. Kamfundo kobisikako ndiko kamabweza zimene nthabwala inachotsa. Akuluakulu anati mtima wa mnzako ndi tsidya lina. Ndiye kodi tingati tamudziwa munthu chifukwa choti takhala tikumuseka kwa zaka zisanu ndi zinayi?

A Ridley sanali okha. A Clive Dunn, amene m'sewero lomwelo ankasewera Jones, nkhalamba yogulitsa nyama yokonda kusimba za nkhondo zamakedzana, anali ndi zaka 48 zokha poyamba, koma anali atakhalapo zaka zinayi ngati mkaidi wa nkhondo ku Austria atagwidwa ku Greece mu 1941. A Ray Galton ndi a Alan Simpson, amene analemba masewero anthabwala a Hancock's Half Hour ndi Steptoe and Son, anakumana mu 1948 ali anyamata pachipatala cha Milford, onse akudwala chifuwa chachikulu, ndipo nthabwala zawo zoyamba analembera kawailesi ka m'chipatalamo kuti odwala anzawo asekeko. Sindikunena kuti mavuto ndiwo amapanga wanthabwala, chifukwa ambiri anavutika ndipo sanaseketsepo aliyense. Ndikungoti kuseri kwa phwete lililonse kuli anthu athunthu, okhala ndi zipsera zimene kamera sinapatsidwe ntchito yoonetsa.

Nkhani ya Fawlty Towers ndiyo imandifikitsa povuta. Seweroli lili ndi magawo 12 okha, asanu ndi limodzi a mu 1975 ndi ena otero a mu 1979, ndipo analilemba a John Cleese ndi a Connie Booth, amene anali banja polemba magawo oyamba koma anapitiriza kulembera limodzi ukwati utatha. Muli woperekera zakudya pahotelo wotchedwa Manuel, wa ku Barcelona, wosamva bwino Chingerezi, amene bwana wake Basil Fawlty amamuzazira ndi kumumenya nthawi zonse. Amene ankasewera Manuel, a Andrew Sachs, sanali a ku Spain. Anabadwira ku Berlin mu 1930, bambo awo anali Myuda, ndipo banja lawo linathawira ku Britain mu 1938 poopa chipani cha Nazi. Mwana wothawa kwawo, amene anadziwa yekha kuti kufika m'dziko la eni osadziwa chinenero kumawawa bwanji, ndiye anadzakhala nkhope ya mlendo wosekedwa. M'gawo lotchedwa The Germans, mankhwala amene anapaka pajekete lawo kuti lizifuka utsi anawawotcha khungu zenizeni, ndipo BBC inawapatsa chipukuta misozi cha mapaundi 700. Chinanso chondiganizitsa n'chakuti seweroli litafika pa wailesi yakanema ya ku Spain, Manuel anamusintha kukhala wa ku Italy. Anthu anali okonzeka kuseka chitsiru, bola chisakhale cha kwawo. Kodi ife tikasankha woti timuseke, sitimayang'ana kaye ngati ndi wa mtundu wina, wa chigawo china, wolankhula mosiyana ndi ife?

Komabe a Ridley ndi a Sachs anasankha okha kuvala zovala zimenezo, analandira malipiro, ndipo anthu anawakonda. Pali wina amene sanafunsidwe. Mu 1970 gulu la anthabwala la Monty Python, momwe munali a Cleese, linagona pahotelo ya Gleneagles m'tauni ya Torquay, ndipo mwini wake, a Donald Sinclair, anawadabwitsa ndi ukali wawo kwa alendo. Anafika potulutsa chikwama cha a Eric Idle, mmodzi wa gululo, n'kukachiika kuseri kwa khoma panja poganiza kuti mwina muli bomba. Enawo anasamukira kuhotelo ina, koma a Cleese ndi a Booth anatsala, akuonetsetsa khalidwe la bamboyo, ndipo Basil Fawlty anabadwira pamenepo. Ena amene anagwirapo ntchito pahoteloyo anachitira umboni kuti a Sinclair analidi aukali, ndiye sindinganene kuti a Cleese anawanamizira. Ndipo seweroli ndi laluso kwenikweni. Amene analionera amadziwa kuti n'kovuta kudzigwira. Koma a Sinclair analinso munthu wa panyanja, ofesala wa zombo za nkhondo amene anapulumuka chombo chake chitamizidwa ndi adani, ndipo zimenezi m'sewero mulibe, chifukwa sizoseketsa.

Pamenepa mpamene nkhaniyi imasiya kukhala ya ku Britain kokha. M'mudzi uliwonse, pasukulu, kapena pamalo a ntchito, pali munthu amene anapatsidwa dzina lachipongwe chifukwa cha chinthu chimodzi chimene anachita tsiku lina, ndipo dzinalo linamumatirira mpaka ana obadwa pambuyo sadziwa kuti ali ndi dzina lina. Amene anapeka dzinalo mwina sananame, mwina analidi ndi diso lakuthwa ngati la a Cleese. Koma kodi kunena zoona za mbali imodzi ya munthu, n'kuzibwereza mpaka mbali zina zonse zitaiwalika, sikusanduka bodza la mtundu wina? Ndipo ndani ali ndi mlandu waukulu, wopeka dzina kapena ife amene timalitchula chaka ndi chaka osafunsa kuti mwini wake anadutsa m'zotani?

A Ridley anakhala ndi moyo mpaka anaona ulemu wawo: analandira mendulo ya OBE mu 1982 chifukwa cha ntchito ya zisudzo, ndipo anamwalira mu 1984 ali ndi zaka 88. A Sinclair anamwalira mu 1981, dziko likuwadziwa ngati Basil Fawlty weniweni. Mkazi wawo, mayi Beatrice, anakhala chete kwa zaka zambiri, ndipo mu 2002 ndi pamene analankhula poyera kudandaula kuti amuna awo, amene anatumikira dziko lawo pa nkhondo, anasandutsidwa choseketsa.