Chifuwa Chilibe Chitseko

Chisanu cha mwezi wa Juni chikatsika pa phiri la Dedza, mayi wa ku Bembeke amatseka chitseko cha khitchini, nasonkhezera moto pa mafuwa, mwana ali kumbuyo. Palibe amene akufunira mnzake choipa m'nyumbamo. Komabe funso limandivuta: kodi tingalakwire munthu ndi mpweya?

M'kati mwa munthu muli zipinda ziwiri zazikulu, zolekanitsidwa ndi mnofu wopyapyala wotchedwa diaphragm. Pansi pake pali m'mimba, mokhala chifu, chiwindi ndi matumbo. Chipinda chimenechi timachilamulira: wosala m'mwezi wa Ramadhan amachimana chakudya kuyambira m'bandakucha mpaka dzuwa kulowa, ndipo chimamvera. Pamwamba pali chifuwa, chotchingidwa ndi nthiti 24, mmene mtima wakhala pakati pa mapapo awiri. Phapo lakumanja lili ndi zigawo zitatu, lakumanzere ziwiri, popeza linapatsako malo mtima. Chipinda ichi sichisala. Yesani kuchimana mpweya, muone ngati mphindi ziwiri zikwane.

Mnofu uja ukatsika, chifuwa chimakula, ndipo chilichonse chimene chili pamphuno chimalowa. Chimadutsa pakholingo, n'kutsata njira yogawika pawiri, kenaka nthambi zing'onozing'ono, mpaka m'timatumba ta mpweya toposa 300 miliyoni. Khungu la timatumbati n'lopyapyala zedi kuti okosijeni alowe m'magazi msanga. Kupyapyala komweko ndiko kumatisiya pambalambanda. Mamina ndi timaubweya ta m'njiramo zimakola fumbi lalikulu, koma tizidutswa ta utsi tochepetsetsa timafika pansi penipeni. Khanda limapuma mofulumira kuposa wamkulu, choncho pa msinkhu wake limamwa utsi wambiri. Ife abambo nthawi zambiri timadikira nsima tili pakhonde.

N'kosavuta kunena kuti gulani mbaula yamakono, nkhani yatha. Kafukufuku wa CAPS, amene anachitika ku Chikwawa ndi ku Karonga pa ana oposa 10,000 ndi kusindikizidwa mu The Lancet mu 2017, anapeza kuti mbaula zochepetsa utsi sizinachepetse chibayo mwa ana osakwana zaka zisanu. Ine sindiwerenga zimenezi ngati umboni woti utsi ulibe vuto. Mwana sapuma m'khitchini mokha. Amapumanso utsi wa zinyalala zimene mnansi watentha, wa lupsa la m'tchire, wa fodya wa amalume ake.

Apa ndi pamene nkhani ya cholinga imandipelewera. Wondipatsa chakudya chowola ndingamukanire, ndipo mlandu tingagawane ngati ndadya ndikudziwa. Wondipatsa utsi sanandifunse, ndipo thupi langa linalengedwa mosatha kukana. Woyatsa moto ndiye yekha amene ali ndi chosankha: kuumitsa nkhuni, kuboola zenera, kulandira mwana m'manja mwa mayi ake kuti akhale naye panja mpaka ndiwo zitapsa.