Mitengo ya Yusufu

Padangokhala mnyamata wina dzina lake Yusufu, amene analembedwa ntchito ndi bungwe lina lobzala mitengo m'midzi yozungulira Ntaja, m'boma la Machinga. Tsiku loyamba bwana wake, yemwe ankakhala ku Liwonde, anamupatsa njinga yakapalasa, foni ndi fomu. Pafomupo panali funso limodzi lokha: mwabzala mitengo ingati?

"Chaka chino ndikufuna 40,000," anatero bwanayo. "Amene apose anzake alandira njinga yamoto."

Yusufu sanali waulesi. Anasonkhanitsa makomiti a m'midzi, anamanga nazale m'mbali mwa dambo, ndipo amayi anathira dothi m'machubu mpaka misana kuwawa. Nyengo yobzala mitengo m'dziko muno imayamba pa 15 Disembala n'kutha pa 15 Epulo, ndipo iye anabzala mpaka tsiku lomaliza, mvula itatsanzika kale. Mbande iliyonse yolowa m'nthaka ankailemba, kaya dzenje ndi lakuya kaya angokanda ndi chala. Zithunzi zinkapita ku Liwonde pa WhatsApp madzulo aliwonse. Anakwanitsa 43,000, ndipo njinga yamoto inabwera.

Tsiku lina Lachisanu, anthu akutuluka mumzikiti, Yusufu anakumana ndi Abiti Saidi, msungichuma wa komiti ina, atasenza mtolo wa nkhuni. Mayiyo anali atachoka kunyumba tambala woyamba.

"Mwanangu Yusufu, ndamva kuti wapambana. Ndakondwa. Koma tandiuza, mitengo yathu ija ili kuti?"

"Ili m'mene tinabzala muja, amayi."

"Unapitako liti?"

Yusufu sanayankhe. Chibzalire anali asanapondeko, chifukwa fomu sinamufunsepo za zimenezo.

M'mawa mwake anapita. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Bulugamu anali atadyedwa ndi chiswe. M'bawa inadyedwa ndi mbuzi, zimene anthu amazimasula akangokolola. Kumtunda kunadutsa moto wa ana osaka mbewa. Zobzalidwa mu Epulo zinauma zisanagwire n'komwe. Anayenda sabata yonse, mudzi ndi mudzi, akuwerenga, ndipo yamoyo sinafike 3,000. Anakhala pachulu n'kuganiza za amayi aja ndi misana yawo. Njinga yamotoyo inayamba kumuchititsa manyazi.

Pobwerera anadutsa pamunda wa Che Kasimu, nkhalamba yomwe inakana mbande zake chaka chathacho. Munda wonse unali ndi mithunzi.

"Anganga, inu munakana mbande. Nanga iyi munaitenga kuti?"

Nkhalambayo inamugwira dzanja n'kumuonetsa chitsa. Panali mphukira ziwiri zowongoka, zotalika kuposa munthu.

"Chitsa ichi anthu amati chinafa, koma mizu yake ili moyo, inafika kale pamadzi. Chikaphuka nthambi khumi ndimasiya ziwiri, zinazo ndimadulira n'kukaphikira. Sindithirira. Uwo ndi nsangu. Umayoyola masamba nthawi ya dzinja, ndiye chimanga chapansi pake chimapeza dzuwa, chimapezanso manyowa. Iwe unabwera ndi mbande osandifunsa kuti ndikufuna mtengo wanji, ndipo ndiufuniranji. Unkafuna kudzaza pepala lako."

Mawuwo anamulasa, koma Yusufu anawalandira. Usiku umenewo anatembenuza fomu n'kulemba kuseri kwake zimene ankafunadi: kuti mtengo uziwerengedwa mu Okutobala, utapirira chilimwe, ndiponso kuti pakatha zaka zitatu Abiti Saidi ndi anzake azitola nkhuni osatuluka m'mudzi.

Ntchito inasintha yonse. Anayamba ndi kufunsa khomo ndi khomo. Ena anafuna mango, ena keshya chifukwa mbuzi sizimukonda, ena gilisidiya wa m'munda. Aliyense anatenga mbande zokhazo zimene akanatha kuzitchingira ndi minga. Kubzala kunatha mu Januwale, nthaka ili chinyontho. Anapita kwa a gulupu kukapempha lamulo la mbuzi ndi la moto, ndipo nkhani imeneyi inatenga misonkhano yambiri, chifukwa eni mbuzi ena anali abale a mfumu. Mu Meyi anthu analambula njira zotchinga moto. Che Kasimu anayenda naye m'minda kuphunzitsa anthu kudulira zitsa.

Chaka chimenecho anabzala 6,000 yokha. Bwana anafika pa Ntaja atakwiya.

"Yusufu, wandichititsa manyazi. Anzako abweretsa manambala aakulu. Ndikawauza chiyani otipatsa ndalama?"

"Bwana, lipoti langa la chaka chatha linali chikomekome cha mkuyu. Ndinakupatsani 43,000, koma yamoyo sinakwane 3,000. Ndikupempha kuti mudzabwerenso mu Okutobala, tidzawerenge limodzi."

Bwanayo sanamve. Anamulanda njinga yamoto n'kuipereka kwa mnzake wa mbali ya ku Nsanama. Yusufu anabwerera pa kapalasa, ndipo anyamata a kabaza pasiteji ankamuseka. Mkazi wake anamufunsa ngati chilungamo chimadyedwa. Panali masiku amene iye mwini anakayika, n'kutsala pang'ono kuwonjezera ziro pafomu. Chimene chinamuletsa n'chakuti Abiti Saidi tsopano ankasunga kope lakelake, momwe ankalembamo mtengo uliwonse ndi dzina la mwini wake.

Patapita zaka ziwiri, opereka ndalama aja anatuma anthu awo kudzaona nkhalango zolembedwa m'malipoti. Bwana anayenda nawo malo atatu, ndipo konse anapeza chikwangwani chili chiimire pakati pa udzu wopsa. Thukuta lili kamukamu, anakumbukira Yusufu, n'kuuza dalaivala kuti akhotere ku Ntaja.

Anapeza Abiti Saidi akudulira keshya kuseri kwa nyumba yake. Mayiyo anatulutsa kope lija, ndipo alendowo anasankha mayina mwachisawawa, n'kupita kukaona. Mtengo uliwonse umene anatchula anaupeza, ndipo mwini wake anafotokoza chimene ankaufunira.

Alendo atakwera galimoto, bwana anatsalira pang'ono.

"Yusufu, zija unalemba kuseri kwa fomu ukadali nazo?"

"Ndili nazo, bwana."

"Ubwere nazo ku Liwonde Lolemba. Tikasindikize fomu ina. Ubwerenso ndi Che Kasimu, anzako akamve za zitsa."

"Anganga sakwera njinga, bwana. Miyendo inatha."

"Ndidzatumiza galimoto."