Eliya Anagona, Mulungu Sanakwiye

Lamulungu la 19 pa Chaka, Chaka B. Mawu oyamba: 1 Mafumu 19:4-8



Eliya timamudziwa ngati mneneri wamoto, uja anaima yekha pa phiri la Karimele pamaso pa aneneri a Baala 450 nawagonjetsa. Lero tikumupeza akuthawa. Mfumukazi Yezebele yalumbira kuti imupha. Wafika ku Beereseba, wasiya mnyamata wake kumeneko, wayenda tsiku lathunthu m'chipululu, ndipo wakhala pansi pa kamtengo. Pemphero lake ndi limodzi: zamukwana, Mulungu angomutenga. Atapemphera choncho, wagona tulo.

Taonani zimene Mulungu akuchita. Sakumudzudzula, sakumufunsa kumene chapita chikhulupiriro chake. Akumusiya agone. Kenaka mngelo akumukhudza ndi kumuonetsa mkate wofunda ndi mtsuko wa madzi. Eliya akudya, akumwa, akugonanso, ndipo mngelo akumulola. Nkhani zikuluzikulu, zoti abwerere ku ntchito, zoti akadzoze Elisa, zoti mu Israele mudakali anthu 7,000 amene sanagwadire Baala, Mulungu akuzisunga mpaka ku Horebu patapita masiku 40. Tsiku loyambalo kunali tulo, chakudya ndi madzi basi.

Mawu amenewa andikumbutsa usiku wina pamene ndinaitanidwa kukadzoza wodwala pachipatala china. Inali cha m'ma 3 koloko mbandakucha. Amene ananditsogolera ku bedi anali mtsikana wophunzira unamwino. Titatha mapemphero ndinamupeza pakhonde atatsamira khoma, kope lili m'manja, maso akutsekeka okha. Ndinamufunsa kuti, "Mwanawe, wagona liti?" Anaseka mwamanyazi, nati, "Bambo, ndikaweruka ndikachape kaye, masana ndiwerenge, Lolemba tili ndi mayeso." Funso langa sanaliyankhe, ndipo ndikhulupirira kuti yankho analibe.

Ana otere tili nawo ambiri m'parishi muno. Ena akuphunzira ku Kamuzu University of Health Sciences, ena ku Malawi College of Health Sciences, ena m'makoleji a CHAM monga Nkhoma, St Joseph's ku Nguludi ndi Holy Family ku Phalombe. Ife a kumalire timadziwanso sukulu ya anamwino ya ku Mwami, kungodutsa bodala. Mawa lino ndi iwowa amene tidzawapeze pachipatala chachikulu cha pa boma pano, kapena ku Ludzi, ku Guilleme ndi ku Kapiri, atagwira diripi ya mwana wathu. Maphunziro awo ali pawiri: m'kalasi ndi m'wodi. Mwana wa zaka 20 amaona imfa pafupi kuposa mmene ambiri a ife tidzaionere moyo wathu wonse. Amasambitsa wodwala, amamva kulira kwa mayi amene wataya khanda, ndiye m'mawa akuyenera kukumbukira mayina a mankhwala. Kutsogolo kwake kuli mayeso a Nurses and Midwives Council of Malawi, amene popanda kuwakhoza sangalembetsedwe kuti agwire ntchito. Kumbuyo kwake kuli bambo amene anagulitsa soya ndi mtedza kuti fizi ipezeke, ndi mudzi wonse umene wayamba kale kumutchula kuti "anesi athu".

Katundu akachuluka chotero, chinthu choyamba chimene mwana amadula ndi tulo, chifukwa tulo sitidandaula. Koma thupi limene Mulungu analiumba lili ndi malamulo ake. Munthu wamkulu amafunika kugona maola osachepera 7 pa tsiku. Ofufuza anapeza kuti munthu akakhala maola 17 ali maso, maganizo ndi manja ake zimachedwa mofanana ndi za munthu amene wamwako mowa. Ndani wa ife angalole munthu womwa kuti ayezere mwana wake mlingo wa jakisoni? Komanso zimene munthu wawerenga masana zimakhazikika m'mutu iye ali m'tulo. Wochezera usiku wonse pa mabuku amafanana ndi mlimi amene wakolola bwino koma wathira chimanga m'nkhokwe yopanda pansi. Akulu anati kuthamanga sikufika.

Tsono ndiyankhule ndi inu makolo, azakhali, amalume ndi nonse amene mukusunga ophunzira m'nyumba zanu, chifukwa mbali ya mngelo m'nkhani ya lero ndi yanu. Mwana akachokera pa naiti, usiku wake umayamba pamene dzuwa latuluka. Ife tikamuona ali pamphasa 10 koloko m'mawa timati ndi ulesi, timati sukulu yamupatsa mwano. Timamudzutsa kuti akatunge madzi, aphikire alendo, aperekeze agogo kumsika. Woyandikana naye nyumba amabwera kudzayezetsa BP, poti "anesi alipo". Pamaliro akapanda kuoneka usiku, timayamba kunong'onezana. Inenso ndisadzichotsepo: kangati tamulemba mwana wotere pa kwaya, pa kuwerenga mawu ndi pa gulu la achinyamata, osamufunsa kuti sabata imeneyo ali pa ntchito ya usiku kapena ayi? Mngelo uja anaika mkate pafupi ndi mutu wa Eliya namusiya agonenso. Inu mungathe kupachika nsalu yakuda pawindo, kutsitsa wailesi, kuuza ana kuti akasewerere kutali, ndi kumusungira nsima pambale yovundikira. Ntchito imeneyi ndi yachifundo, yofanana ndi kuyendera odwala.

Ndipo mawu aja akuti "usatichititse manyazi, tawononga ndalama zambiri", tiwachepetse. Mwanayo akudziwa kale mtengo wa thumba la feteleza.

Inu ana anga ophunzira, zina zili m'manja mwanu, ndipo mukuzidziwa bwino kuposa ine chifukwa mumaziphunzitsa odwala. Khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zija zimakhala m'magazi nthawi yaitali. Patapita maola 5 kapena 6, pafupifupi theka la mphamvu yake limakhala lidakalimo. Mukamwa 4 koloko m'mawa kuti mumalize naiti, musadabwe tulo tikakana 8 koloko. Foni isagone nanu pamtsamiro. WhatsApp ya kalasi siitha, ndipo uthenga uliwonse umadzutsa mtima. Masiku amene simuli pa naiti, yesetsani kugona ndi kudzuka nthawi imodzimodzi. Musanapite ku ntchito ya usiku, gonaniko pang'ono masana. Chimene ndikukupemphani mwapadera ndi ichi: musadzilembere nokha mapiritsi ogonetsa chifukwa choti kabati ya mankhwala ili pafupi nanu. Njira imeneyo polowera m'posavuta, potulukira m'povuta.

Nanga nkhawa imene imadzuka munthu akangozimitsa nyali? Malemu Papa Francis, polankhula ndi mabanja ku Manila mu Januwale 2015, anaulula kuti patebulo pake ankasunga chifanizo cha Yosefe Woyera ali m'tulo. Akakhala ndi vuto, ankalilemba pakapepala n'kukaika pansi pa chifanizocho kuti Yosefe alipempherere. Mu Mthenga Wabwino wa Mateyo, Yosefe ankalandira malangizo a Mulungu ali mtulo, ndipo akadzuka ankachita. Inunso musanagone tengani kapepala. Lembani zimene zikukusautsani: wodwala wa pa bedi lakumapeto, phunziro limene silikulowa, ngongole ya hositelo. Lembaninso chinthu chimodzi chimene mudzayambire mawa. Pindani, ikani pansi pa mtanda kapena m'Buku Loyera, chitani chizindikiro cha mtanda. Mukagona kolona ili m'manja musanaimalize, simunachimwe.

Pali chinthu china chimene sindingachilumphe. Eliya anapempha imfa. Buku Loyera silinabise zimenezi, ifenso tisabise. Ngati papita masabata tulo tisakubwera, chakudya chisakukoma, mukulira osadziwa chifukwa, kapena maganizo oti bola kufa ayamba kukuyenderani, pamenepo kapepala kokha sikakwanira. Uzani munthu tsiku lomwelo: mphunzitsi amene mumamukhulupirira, sisitala wa m'wodi, mnzanu, kapena ine. Pitani kuchipatala monga mmene mumauzira ena. A St John of God ali ndi chithandizo cha matenda a maganizo ku Lilongwe ndi ku Mzuzu, ndipo ndi ntchito ya Mpingo wathu womwewu. Eliya analakwitsa pamene anasiya mnyamata wake ku Beereseba n'kulowa m'chipululu yekha, ndipo ku Horebu Mulungu anamupatsa Elisa kuti aziyenda naye.

Sabata ino ndikupempha mphakati uliwonse kuti pamsonkhano wanu mutchule mayina a ana anu amene akuphunzira unamwino ndi uzamba, muwapempherere, ndipo mudziwe amene ali pa naiti kuti musawapatse ntchito ya mpingo masiku amenewo. Ophunzira amene muli patchuthi kapena mukuphunzira ntchito m'zipatala za kuno, tionane pakhonde la tchalitchi Misa yachiwiri ikatha. Amene mwachokera ku ntchito m'mawa uno musadikire, pitani mukagone, tidzaonana Lamulungu likubwerali.

Ine wanu mwa Khristu,
Bambo Mfumu