Tsikani Mukankhe, Koma Musatembenuke

Anthu amene amatilimbikitsa kuti moyo ndi kupalasa njinga, ukangosiya kupalasa wagwa, amaiwala chinthu chimodzi: zitunda zina sizipalasika ayi.

Kaimeni tsiku lina pa msewu wochokera ku Chikwawa kukwera mapiri kupita ku Blantyre, muone bambo wonyamula katundu. Matumba awiri ali pa keliyala, omangidwa ndi mphira wa chubu chakutha. Iye sali pa chishalo. Watsika kalekale. Dzanja limodzi lagwira handulo, lina lakankhira pa thumba, mutu wawerama, malaya anyoweratu. Mpweya ukamuthera amafuna mwala, n'kuukhomera kuseri kwa tayala kuti njinga isabwerere, ndiye n'kupuma. Akapuma amachotsa mwala uja, ulendo. Palibe amamunena kuti walephera. Amene angaumirire kukhala pa chishalo pamalo ngati amenewo, tcheni chimaduka, ndipo katundu yense amamugwera.

Ambiri a ife tikudula tcheni chifukwa cha manyazi. Geni yagwa, koma tikufuna anthu azionabe ngati zikuyenda, ndiye tikuthamangira katapila. Ntchito yatha, koma ganyu tikuiona ngati yotichotsa ulemu. Mayeso a MSCE sanayende, ndipo kubwereza kalasi ndi ana aang'ono kukutichititsa manyazi. Abale anga, tsikani! Kuphika mandasi pamene munali ndi sitolo ndi kukankha njinga. Kuponya kangachepe ku banki mkhonde ndi kukankha njinga. Mukupitabe komwe munkapita, mwangosintha kayendedwe.

Ngakhale akatswiri a mpikisano amatsika. Biniam Girmay wa ku Eritrea, mnyamata wobadwira ku Asmara m'chaka cha 2000, anapambana chigawo cha mpikisano wa Giro d'Italia mu Meyi 2022, ndipo anali munthu wakuda woyamba wa ku Africa kuchita zimenezi. Tsono tamvani tsoka lake. Ali pa nsanja yolandirira ulemu, anawerama kuti atsegule botolo la vinyo lokondwerera, chitsekerero chinaphulika n'kumugunda m'diso. Anakathera kuchipatala, ndipo mpikisanowo anausiyira pomwepo. Tsiku lomwelo la chisangalalo! Chaka chotsatira anagwa moopsa pa mpikisano wa Tour of Flanders ku Belgium, n'kubwereranso kuchipatala. Wina akanati mwina anandilodza, n'kuikoleka njinga kudenga. Iye anadikira mabala apole, n'kuyambiranso. Mu 2024 anapambana zigawo zitatu za Tour de France, mpikisano umene unayamba mu 1903, ndipo anavala malaya obiriwira, omwe amavala wotsogola pa mapointi, mpaka tsiku lomaliza ku Nice.

Dziwaninso kuti opalasa a mipikisano imeneyi sayenda okha. Amatsatana mothinana, wakutsogolo n'kumadula mphepo kuti anzake akumbuyo asunge mphamvu, kenako n'kusinthana. Ife kuno timati mutu umodzi susenza denga, komabe mavuto athu timawabisa ngakhale kwa mkazi kapena mwamuna wathu yemwe. Wakabaza tayala likamuphwera sabisala m'tchire, amaimitsa mnzake n'kubwereka mpope.

Choopsa chenicheni ndi chimodzi: kutembenuza njinga. Kutsetsereka n'kokoma, mphepo imakupepesa kumaso, miyendo imapuma, koma mtunda umene munaukwera ndi thukuta kwa maola mumautaya m'kanthawi kochepa, ndipo mawa chitunda chija chidzakhala chilipobe. Kumwera mpamba wotsala, kusiya mankhwala chifukwa thupi layamba kupepuka, kutulutsa mwana sukulu chifukwa chaka chino zavuta, kumeneko ndiye kutembenuka.

Ngati mwatopa, ikani mwala kuseri kwa tayala, mupume. Lirani ngati misozi ikubwera. Itanani mnzanu akugwirireni kumbuyo. Koma handulo iyang'anebe kumtunda, ndipo kukacha mawa, chotsani mwalawo mukankhe.